Bishopu Gozwin ndi Kavalo wa ku Mphero

M'mawa wa tsiku limene Gozwin ankayenera kulowa mu mzinda wa Ilsenfurt monga bishopu wathu watsopano, mkulu Wezel, wantchito wake wa m'khola, anali m'khola la pa famu ya mpingo akupesa kavalo. Ankapesa ali ndwii ngati munthu wosambitsa maliro. Kavaloyo anali Falke, woyera mbee kuyambira kumphuno mpaka kumchira, woti akamadutsa pa msika m'mizinda ina amayi ankasiya kutsatsa mazira n'kumamuthyolera khosi. Wezel anali atamusamalira zaka zinayi, ndipo ankadziwa kuti dzuwa likamalowa tsiku limenelo kavaloyo akhala wa munthu wina.

Mwambo wake ndi wakale kuposa khoma la mzinda. Bishopu watsopano amafika pa chipata cha kum'mawa atakwera kavalo wake wabwino koposa. Pamenepo amamudikira mkulu wa asilikali a mpingo, amene amagwira chopondera cha pa chishalo kuti bishopu atsike bwino. Bishopu akangoponda pansi, kavalo pamodzi ndi chishalo chake amakhala wa msilikaliyo. Msilikali naye ali ndi lumbiro lake. Kavalo wa tsiku lolowa amamusunga m'khola mwake, amamudyetsa barele wake, ndipo tsiku lililonse limene bishopu waitanidwa kwa mfumu, amamubweretsa pakhomo atamumanga chishalo, ndi amuna makumi awiri operekeza. Mabishopu khumi ndi mmodzi anachita zimenezi osadandaula. Wa khumi ndi chiwiri anali Gozwin.

Tisamunenere zoipa zokhazokha. Gozwin anabadwa wopanda kanthu. Anali mwana wamwamuna wachinayi wa kabwana kena ka m'mapiri, ndipo poti malo anali ochepa, bambo ake anamupereka ku mpingo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Chilatini chinamulowa ndi mkwapulo. Atakula anakhala mlembi m'nyumba ya mfumu, ndipo kwa zaka makumi awiri anatsatira mfumuyo m'matope a misewu yonse ya dziko lino, kusungunula phula lomatira makalata ndi kuseka nthabwala zosaseketsa. Chinthu choyamba chimene anatha kuchitchula kuti n'chake chinali Falke, mphatso ya mfumu yokalambayo. Chachiwiri chinali ndodo ndi mphete za ubishopu wa Ilsenfurt, zimene mfumu inamupatsa ngakhale kuti theka la ansembe a tchalitchi chachikulu ankafuna mkulu wawo, dzina lake Liudolf. Munthu wokulira m'kusowa akapeza chinthu amachifumbata zolimba, ndipo Gozwin ankafumbata mpaka zala kuchita dzanzi.

Analowa m'kholamo atavala kale mwinjiro wake. Pambuyo pake panali mlongo wake wamkulu, Richenza, mayi wamasiye amene anabwera kudzamusungira nyumba, ndipo sankaopa mwinjiro wa munthu amene anamupukuta mamina ali mwana. Gozwin anasisita khosi la Falke nthawi yaitali. Kenako anafunsa Wezel ngati pa famupo panali kavalo wina aliyense. Wezel anati panalibe, kupatula Kuno wa ku mphero.

Kuno ameneyu anali kavalo wotuwa, wa diso limodzi, wa msana wolowa m'kati ngati bwato. Kwa zaka khumi ndi zisanu ntchito yake inali kuzungulira mtengo wa mphero popera tirigu. Belu la tchalitchi likalira ankaima kuti wopera akadye, likaliranso ankayambapo kuzungulira. Zina zonse za pa dziko lapansi sankazidziwa. Gozwin analamula kuti amusambitse ndi kumumanga chishalo chakale.

"Achimwene, mutu ukuyenda bwino?" anafunsa Richenza. "Bodo, mkulu wa asilikali, wakhala akukonza khola mwezi wathunthu. Mzinda wonse ukudziwa za Falke."

"Mzinda unangomva, achemwali, sunaone. Ndiponso Ambuye wathu analowa mu Yerusalemu pa bulu."

"Buluyo anali wobwereka. Ndipo sindinamve kuti kunyumba anabisa kavalo."

Richenza sanalekere pomwepo. Anamuuza kuti kavalo wa tsiku lolowa satayika, amangokadya barele wa mwini, n'kubwera wonenepa tsiku limene ukumufuna. Anamukumbutsa kuti Bodo, mkulu wa asilikaliyo, ndiye wolonda mlatho, ndiye woyang'anira wokwera kavalo aliyense wa mpingo, ndipo munthu amene theka la ansembe ake akumuyang'ana ndi diso lofiira sayenera kuyambanso kuponda zala za asilikali. Gozwin anakana kwamtuwagalu. Anati chinthu chikatuluka m'manja mwako chapita, ndipo iye sangamakabwereke kavalo wake yemwe kwa msilikali wosadziwa kulemba dzina lake. Wezel anatenga ndowa n'kupita ku mphero.

Tsiku limenelo ife a ku Ilsenfurt tinadzaza pa khoma ngati mbalame. Mabelu ankalira, ophika buledi anatseka zitseko, ndipo pa chipata panaima Bodo, chimunthu cha dazi ndi chipsera pa tsaya, atavala malaya atsopano amene mkazi wake anasoka dala. Anali atauza anzake onse kuti akamwe mowa kunyumba kwake madzulo, akaone kavalo wa mfumu. Ndiye kunatulukira ansembe ndi mtanda, kunatulukira oimba, kenako kunatulukira bishopu, miyendo ili lendee m'mbali mwa Kuno. Atafika pa chitsime cha kunja kwa chipata, Kuno anachiyang'ana ndi diso lake limodzi lija, n'kuchizungulira kawiri, anthu asanamugwire.

Wina anatsokomola pobisa kuseka.

Gozwin anakweza dzanja n'kulankhula ndi mawu a munthu wozolowera kuwerenga makalata a mfumu. Anati wabwera kwa ife osati monga bwana koma monga wantchito, kuti chuma cha m'busa ndi nkhosa zake, ndipo kuti zimene tinamva za kavalo woyera zinali nkhambakamwa chabe. Akanalekera pamenepo bwenzi zili bwinoko. Koma ataona amayi ena akupukuta misozi, mawu anamukomera m'kamwa. Anagwira bokosi la mafupa a oyera mtima limene ansembe ananyamula, n'kulumbira pamaso pa mzinda wonse kuti kavalo wina alibe. Liudolf, amene anaima pafupi, anangoweramitsa mutu mwaulemu, koma mawuwo anawasunga.

Bodo anafiira dazi lonse. Tinkati mwina atembenuka n'kuchoka, koma anagwada ndi bondo limodzi m'fumbi, n'kugwira chopondera monga anachitira bambo ake ndi agogo ake. Bishopu atatsika, Bodo anatenga chingwe cha Kuno.

"Ndalandira, Ambuye," anatero motsitsa mawu. "Ndimusunga monga mwandipatsira."

Gozwin anamwetulira. Ankaganiza kuti wamudya nzeru msilikali.

Bodo sanalalate, sanakasume kwa munthu, ndipo ntchito yake sanaisiye. Chimene anachita n'kusunga lumbiro lake mpaka lumbirolo linayamba kuluma. Kuno anamuika m'chipinda chabwino koposa cha m'khola, chimene anakonzera Falke. Mkazi wake anamusokera nsalu yofiira ya pamsana yokhala ndi chizindikiro cha bishopu. Pa chikondwerero chilichonse cha mpingo, asilikali anayi ankayenda naye mu mzinda, woimba ng'oma ali patsogolo, ndipo tonse tinkavula zipewa n'kunena kuti Chuma cha Ambuye chikudutsa. Pa msika, munthu akakupatsa buledi wa dzana kapena nsomba yoyamba kununkha, unkati wakupatsa za ku mphero. Gozwin ankamva zonsezi ali pa zenera, koma akanadandaula bwanji? Anthu ankalemekeza mphatso yake yomwe.

Mavuto enieni anali ku famu. Munthu amene walumbira pa mafupa a oyera mtima kuti kavalo alibe sangaoneke mawa lake ali pa kavalo woyera. Choncho Falke anamutsekera m'nkhokwe ya kuseri, n'kukhomera matabwa pa zenera. Wezel anapempha kuti azimuthamangitsako m'dambo ngakhale kamodzi pa sabata. Gozwin anakana, ati wina amuona, ndipo Liudolf alembera kalata kwa bishopu wamkulu. M'malo mwake analamula kuti azimupatsa barele wowirikiza. Lachiwiri lililonse ankapita ku famuko ngati wokayendera minda, m'thumba muli maapozi ndi buledi woviika mu uchi. Ankadzitsekera m'nkhokwemo, n'kumacheza ndi kavalo wake mumdima. Kunena zoona, zinali zomvetsa chisoni, pakuti munthuyo kavaloyo ankamukonda ndithu, ndipo mwina ndiye yekha amene anamukondapo.

Chaka chachiwiri chikutha, Wezel analimba mtima. Anati, "Ambuye, kavalo si vinyo woti akakhalitsa m'chipinda amakoma. Taonani ziboda zakezi."

"Mdima ndi umene ukukunamiza, mkulu iwe. Wanenepa bwino basi."

Pa zina, ubishopu wa Gozwin sunali woipitsitsa. Anafoletsa denga la tchalitchi limene linkadontha kuyambira nthawi ya agogo athu. Anathetsa mkangano wa asodzi ndi amonke pa za mtsinje. Ankalalikira bwino, ndipo ulaliki wake wotchuka unali wa mayi wamasiye uja amene anapereka zonse zimene anali nazo. Akaulalikira, asilikali a Bodo ankakhala kutsogolo n'kumagwedeza mitu mwamphamvu kwambiri. Nayenso Gozwin, pokhala kuti sankakweranso kavalo, anayamba kukula mimba, mpaka mphete ya ubishopu inamira m'chala.

M'chaka chachitatu mfumu yokalamba ija inamwalira. Mwana wake amene analowa ufumu anali munthu wa phuma, wosakonda anthu a bambo ake, ndipo Gozwin anali asanasekepo nthabwala yake ndi imodzi yomwe. Liudolf sanachedwe. Anakadandaula kuti ndodo ya Ilsenfurt inaperekedwa mokondera, ansembe asanagwirizane. Pa Pasaka kunabwera kalata yomatidwa ndi phula lofiira. Mfumu inati idzamva mlanduwo pa tsiku la Pentekoste, ku nyumba yake ya ku Kaldenburg. Onse awiri adzaime pamaso pake belu la masana lisanalire, ndipo amene sadzaoneka ndiye kuti wavomera kuti ndodo si yake.

Panali masabata asanu ndi awiri. Richenza anachonderera mlongo wake kuti apite kwa Bodo ndi mbiya ya vinyo ndi mawu awiri opepesa, ndipo ngati n'kotheka amupatse Falke ngakhale mochedwa chomwecho. Anati kupepesa sikunathyolepo munthu msana. Gozwin anaseka. Iye anali ndi nzeru zake kale. Ku Kaldenburg ndi ulendo wa tsiku limodzi ndi theka kwa kavalo wabwino, ndipo Falke angauyende tsiku limodzi. Adzanyamukira ku famu, kumene kulibe maso a mzinda, adzamangirira Falke m'nkhalango pafupi ndi nyumba ya mfumu, n'kulowa wapansi, fumbi lili kumapazi, kuti mfumu yatsopano ione m'busa wodzichepetsa. Za Bodo ndi amuna ake makumi awiri, anati akhale nawo.

Liudolf ananyamuka Lolemba, ndipo ansembe a mbali yake anatenga akavalo onse a pa bwalo la tchalitchi. Gozwin anapita ku famu Lachinayi m'mawa.

Wezel atakanganula matabwa, kuwala kunalowa m'nkhokwe koyamba m'zaka zitatu, ndipo Gozwin anaona chimene anasunga. Falke anali ngati mbiya yoikidwa pa timitengo tinayi. Khosi lonyada lija linali mafuta okhaokha, ziboda zinali zitatalika n'kupindikira m'mwamba, ndipo maso ankatuluka misozi chifukwa cha dzuwa. Lamba wa chishalo sanakumane pamimba. Atamukoka, anayenda mapazi khumi monyang'ama ngati woponda pa minga, n'kugona pansi pakati pa bwalo. Anayang'ana mbuye wake, n'kununkhiza thumba lake kufuna buledi wa uchi.

Gozwin anakhala pansi m'fumbi pafupi ndi kavaloyo ndipo analira. Wezel anamusiya alire, kenako anamuuza kuti pa famupo patsala ng'ombe zolimira zokha, ndipo ngolo ya ng'ombe ingafike ku Kaldenburg Lachitatu la sabata ya mawa. Madzi anali atafika m'khosi. Masana omwewo bishopu wa Ilsenfurt anagogoda pa chitseko chimene anachilambalala kwa zaka zitatu.

Bodo anamulandira ndi ulemu wonse. Anamukhazika pa mpando wabwino, anamuthirira mowa, ndipo anamvetsera ali chete pamene Gozwin ankazungulira nkhani ngati Kuno pa mphero. Pomaliza anati palibe vuto, lumbiro ndi lumbiro. Mawa m'mamawa amuna makumi awiri adzakhala pakhomo, pamodzi ndi kavalo wa tsiku lolowa.

"Bodo, mwana wanga, usatero. M'khola mwakomu muli akavalo oposa makumi atatu. Ndibwereke mmodzi."

"Ambuye, kavalo wa msilikali ali ngati mkazi wake, sabwereketsa. Komanso ndikakupatsani wina, ndiye kuti ndikuuza mzinda wonse kuti mphatso yanu inali yachabechabe. Ine kunyoza bishopu wanga? Mulungu andiletse."

"Ndikulamula."

"Lamulani, Ambuye. Koma ndinalumbira pa bokosi lomwe lija munalumbirapo inu. Mmodzi wa ife ayenera kusunga mawu ake."

Lachisanu m'mamawa mzinda wonse unadzukira pa khoma kachiwiri. Kuno anali atavala nsalu yake yofiira, ubweya uli nyezinyezi, pakuti zaka zitatu za barele wa Bodo ndi maulendo a pa zikondwerero zinamukomera. Panafunika amuna atatu kuti akweze bishopu. Pambuyo pake panandanda asilikali makumi awiri pa akavalo ankhondo amene ankapalasa pansi pofuna kuthamanga, koma mwambo umati palibe wopitirira bishopu, choncho onse anayenda pa liwiro la ku mphero. Richenza anaima pa chipata atapinda manja. Sanatsazike.

Za ulendowo asilikali akhala akusimba m'nyumba za mowa mpaka lero. Kuno sankathamanga, koma sankatopanso, ndipo akanangoyenda molunjika bwenzi atafika nthawi ilipo. Koma m'misewu ya kwathu kuno muli mitanda yambiri, ndipo mtanda uliwonse wa m'mbali mwa njira Kuno ankauona ngati mtengo wa mphero. Ankapatukira kumanzere n'kuyamba kuuzungulira, bishopu akukoka chingwe ndi kutukwana m'Chilatini, asilikali makumi awiri ataima pamzere, zipewa zili m'manja poti bishopu akupembedza. Akadutsa m'mudzi belu n'kulira, Kuno ankaima nji. Ukamumenya, ukamukankha, ukamunyengerera ndi apozi, ankangotseka diso lake limodzi lija, kudikira belu lachiwiri. M'mudzi wina Gozwin anachita kugwada kwa woliza belu kuti akalizenso, ndipo anthu anathamangira ku tchalitchi poganiza kuti kwabuka moto.

Ngakhale zinali choncho, Lamulungu m'mawa anatulukira pa phiri lomaliza, ndipo kutsogolo kwawo, kutsidya kwa dambo, kunaoneka nsanja za Kaldenburg. Dzuwa linali lisanakwere kwenikweni. Gozwin anaona kuti afika, mtima unakhala pansi, ndipo anayamba kubwereza chamumtima mawu amene akalankhule kwa mfumu. Anatembenukira kwa Bodo n'kumuuza kuti akabwerera ku Ilsenfurt adzakambirana bwino za amene ayenera kulonda mlatho.

Nthawi yomweyo mabelu a ku Kaldenburg anayamba kulira kuitanira anthu ku Misa ya Pentekoste. Kuno anaimika makutu, n'kuima.

Gozwin anamumenya ndi ndodo ya ubishopu mpaka inapindika kunsonga. Anamulonjeza madalitso, anamuopseza ndi temberero. Bodo anayang'ana kumwamba n'kunena modekha kuti, monga akudziwira iye, belu lotsatira ku Kaldenburg ndi la masana. Gozwin anataya nthawi yambiri akulimbana ndi kavalo, pakuti bishopu safuna kukhulupirira kuti pali cholengedwa chosamumvera. Dzuwa litayandikira pamutu anatsika yekha, osadikira womugwirira chopondera, anakwinya mwinjiro m'manja, n'kuyamba kuthamanga.

Munthu amene sanathamangepo zaka makumi atatu sayambira m'dambo. Nsapato imodzi inatsalira m'matope. Chisoti chinagwa, anachitola, chinagwanso, anachisiya. Anali atafika pakati pa dambo, akupuma ngati mvukuto, pamene belu la masana linalira. Anaima. Ndipo kumbuyo kwake anamva kagudugudu. Kuno anamva belu lake lachiwiri, ndipo poti katundu anali atatsika pamsana, anayenda mopepuka kuposa masiku onse. Anamudutsa bishopu osamuyang'ana n'komwe, asilikali makumi awiri akutsatira pamzere, pakuti iwo anati lumbiro silinena chochita bishopu akasiyana ndi kavalo. Kuno anakalowa pa chipata cha mfumu chishalo chili chopanda munthu, n'kuyamba kuzungulira chitsime cha pabwalo.

Pamene Gozwin ankafika, matope ali mpaka m'mawondo, mlandu unali utatha. Mfumu inali pabwalo ndi akuluakulu ake, ikuseka mpaka kugwira m'mimba, Liudolf ataima kudzanja lake lamanja. Gozwin anagwada n'kuyamba kufotokoza kuti wachedwa chifukwa cha kavalo.

"Kavalo uyu?" inafunsa mfumu. "Ndamva kuti munalumbira kuti ndi yekhayu amene muli naye. Koma ine ndikukumbuka kuti bambo anga anakupatsani woyera, amene ndinkamusirira ndili mnyamata. Ali kuti?"

Gozwin akati alipo, ndiye kuti analumbira zabodza pa mafupa a oyera mtima, pamaso pa Liudolf yemwe. Akati kulibe, ndiye kuti anataya mphatso ya mfumu. Mlembi amene kwa zaka makumi awiri sanasowepo mawu anangoti kakasi, maso ali pa phazi lake lopanda nsapato.

"Musavutike," inatero mfumu. "Munthu wokonda umphawi chonchi tisamuchimwitse ndi ubishopu. Ku madambo a kumpoto kuli kanyumba ka amonke asanu ndi mmodzi, alibe ngakhale mbuzi. Mukasangalala kumeneko."

Ndodo anaipereka yopindika. Mphete inakana kutuluka, ndipo anachita kuitanitsa mafuta a nkhumba ku khitchini n'kupaka chala, anthu onse akuonerera. Pamene ankatuluka pa chipata anakumana ndi Bodo akumwetsa Kuno madzi. Anamufunsa ndi mawu otsika ngati angamubwereke kavaloyo mpaka ku madambo.

"Pepani, Abambo," anatero Bodo, ndipo mawu oti Ambuye sanawatchulenso. "Lumbiro langa ndi la kwa mabishopu. Koma musandide. Chimene munasungitsa ndinakubwezerani chathunthu, sindinachotsepo ngakhale ubweya umodzi."

Gozwin anapita ku madambo wapansi, wodzichepetsa, fumbi lili kumapazi, monga anakonzera, kungoti panalibe womuona. Richenza anamutsatira patapita mwezi ndi mtolo wa zovala, ati munthu wopusa akhale ndi womuuza kuti ndi wopusa. Falke sanadzukenso bwino, ndipo anafa chisanu chisanayambe, mutu uli pa miyendo ya Wezel. Liudolf analowa pa chipata cha kum'mawa atakwera kavalo wakuda wa mtengo wapatali, n'kumupereka kwa Bodo pamodzi ndi chishalo cha siliva, akumwetulira ngati sizikumupweteka, ngakhale tonse tinaona kuti zikumupweteka. Bodo anamuika m'chipinda chachiwiri, poti choyamba chinali ndi mwini wake, Kuno, amene anakhalamo zaka zina zisanu akudya barele ndi kuima belu likalira.

Gozwin anali ndi akavalo awiri. Amene anamufumbata anamuwolera m'manja. Amene anamupereka anamupeza ali moyo, wokhuta, akumudikira pa tsiku limene ndodo ndi mphete zinali pa msana wa kavalo, ndipo anali yemwe uja anamusankha yekha ku mphero. Ndiye mukamva ife a ku Ilsenfurt tikuuza munthu woumira kuti ayang'ane bwino chimene akutambasulira mnzake, musadabwe. Akuluakulu sananame: kupatsa n'kuika.